Makhololo a Apongozi

Anthu a kwathu akamva kuti ndiwe dokotala, amafuna kuona jakisoni m'manja mwako. Ine ndinalibe. Ntchito yanga ku Joni inali yoyang'ana zimene anthu amataya: mikodzo, chimbudzi, mafinya, makhololo. Zinkabwera m'timabotolo ku labotale ya chipatala chachikulu chophunzitsira madokotala, ine n'kupaka pa kagalasi, kuthira mankhwala osintha mtundu, n'kuika pa maikulosikopu kuti ndipeze kachilombo kamene kakudwalitsa munthu. Alonda a pageti, abale athu a ku Machinga ndi ku Mangochi, ankandilonjera ndi manja awiri, koma ndikangodutsa ndinkawamva akunong'onezana kuti, "Ndi adokotala a manyi aja." Sindinkakwiya. Ankanena zoona, ndipo pa manyipo panalibe wondiposa.

Udokotala ndinakaphunzira kunja, chifukwa masiku amenewo kwathu kunalibe sukulu yake. Ku Joni ndinafika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, kudzazama pa za tizilombo toyambitsa matenda. Wakuda wovala jasi la udokotala m'dipatimenti yathu ndinali ndekha. Ena akandipeza pa sinki ankayamba kundilankhula Chifanakalo, chilankhulo cholamulira antchito ku migodi, poganiza kuti ndine wotsuka mabotolo, ine n'kuwayankha m'Chingelezi cha m'mabuku mpaka makutu awo kufiira psuu. Mayeso awo ndinakhoza onse, ndipo mapeto ake anandipatsa ana oti ndiziwaphunzitsa: ana a azungu, a Amwenye, ndi akuda ochepa amene ankaloledwa kulowa. Eee, mwana wa ku Ntchisi, choko m'manja, azungu akulemba zimene ndikunena! Bambo anga akanakhala moyo akanati ndikunama.

Ndinakwatira mkazi wa ku Dedza amene ankasoka zovala pa shopu ina m'tauni. Tinkakhala ku Berea, pa fulati imene anatilembetsera m'dzina lake mnzanga wina wachizungu, chifukwa lamulo silinkalola anthu ngati ife kukhala kumeneko. Mwana wathu woyamba, wamkazi, atabadwa, apongozi anga anakwera ndege kubwera kudzathandiza kulera.

Tsono kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana kumaso, sadyera pamodzi, ndipo mawu awo amadzera mwa munthu wina. Kumudzi n'zosavuta. Ukawaona akubwera panjira, umangopatukira kutchire ngati wakumbukira kanthu. Nanga pa fulati ya zipinda ziwiri, m'mwamba mwa nyumba yosanja, tchire ulipeza kuti? Ndinaphunzira kuimba mluzu ndikamakwera masitepe, kuti amve n'kulowa kuchipinda. Tsiku lina tinakumana mu lifiti. Mayo ine! Iwo anayang'ana kukhoma, ine ndinayang'ana mabatani, ndipo tinakwera chomwecho duu, ngati anthu opita kumaliro. Mayi a mwana atamva anaseka mpaka kugwira m'mimba, amvekere, "Anthu awiri inu mudzandipha ndisanakalambe."

Musaganize kuti zinkandinyansa. Ndinkazikonda. Tsiku lonse ndinkakhala pakati pa anthu amene ena mwa iwo sankafuna kumwera kapu imene ndamwera, ndiye madzulo n'kufika pa nyumba imene mayi wachikulire akundithawa chifukwa cha ulemu, mtima unkakhala m'malo. Apongoziwo jasi langa ankalisita mpaka linkatha kuima lokha. Ku tchalitchi kwathu, kumene kunali mu holo yobwereka, ankauza amayi anzawo kuti mkamwini wawo amaphunzitsa azungu, koma ine pamaso panga sananenepo ngakhale liwu limodzi.

Anabwera ndi chifuwa. Poyamba chinkandithandiza, chifukwa ndinkadziwa mbali imene ali, koma khutu la dokotala silichedwa kusiya nthabwala. Chinali chifuwa chochokera pansi, chosatha. Mayi a mwana anandiuza kuti m'mawa zofunda za amayi awo zimakhala zitanyowa ndi thukuta, ndipo bulauzi imene anabwera nayo yayamba kuwakhwepa. Ndinati mwana asamagonenso kuchipinda kwa agogo ake, ndipo iwo apite kuchipatala.

Atawajambula m'chifuwa, panaoneka mthunzi pamwamba pa phapo la kumanja. Dokotala wamkulu wa matenda a m'chifuwa, mzungu wachikulire amene ndinkamulemekeza, anati apereke makhololo akayezedwe ngati muli tizilombo ta chifuwa chachikulu, TB ija. Timabotolo tinabwera ku labotale kwathu. Lamulo langa linali loti za wachibale sindigwira, choncho anayang'ana ndi mnzanga wa pantchito, mayi wa Chimwenye wa manja abwino kwambiri. Koyamba anati mulibe kanthu. Kachiwiri mulibe. Kachitatu chimodzimodzi.

Mkulu uja anandiitanira mu ofesi mwake n'kutseka chitseko.

"Mnzanga," anatero, "ngati si TB, pa msinkhu wawowu ukudziwa chimene chatsala."

Ndinkadziwa. Ankanena khansa. Ankafuna kuwalowetsa kachubu pakhosi kuti akaone m'katimo. Mayi a mwana atawafotokozera amayi awo za kachubuko, apongozi anangoti, "Ndamva." M'mawa mwake anayamba kulongedza. Tikiti yobwerera anali nayo kale. Anati ngati ndi imfa ikawapeze ku Dedza, pafupi ndi manda a amuna awo, osati kuno kumene maliro amawasunga mufiriji ngati nsomba.

Ine mtima sunakhazikike. Thukuta lija, kuwonda kuja, malo amene panali mthunzi, zonse zinkandiuza TB, ndipo TB ili ndi mankhwala, munthu amachira n'kubwerera kumunda. Koma akanapita kumudzi atauzidwa kuti si TB, ndani akanawayezanso? Akanangogona pamphasa n'kumatha pang'onopang'ono ndi matenda amene mankhwala ake ndinkawadutsa tsiku ndi tsiku popita kukamwa tiyi.

Ndinaphwanya lamulo langa. Ndinatulutsa timagalasi tawo tonse m'bokosi losungiramo n'kuika koyamba pa maikulosikopu. Nditangoponya diso ndinadziwa. Makhololo ochokera m'mapapo amakhala ndi mafinya, timaselo ting'onoting'ono tambirimbiri. Apa panali timaselo tikulutikulu tophwatalala, ta m'kamwa, tili mbee. Malovu! Kachiwiri malovu, kachitatu malovu. Mnzanga uja sanalakwe ayi: anafunsidwa ngati muli tizilombo, ndipo m'malovu munalibedi. Koma ine ndinapsa mtima moti ndinamenya tebulo mpaka timabotolo kugwedezeka.

Ndinafika kunyumba osaimba n'komwe mluzu mokwanira.

"Mayi a mwana, kodi amayi munawafotokozera zoti atsokomole kuchokera pansi?"

"Ndinawauza bwinobwino. Ndinawasonyezanso."

"Ndiye malovu okhaokha aja achokera kuti?"

Analowa kuchipinda kwa amayi awo. Ndinamva akunong'onezana nthawi yaitali, kenaka anatuluka dzanja lili pakamwa.

"Bambo a mwana, ndalakwitsa ndine. Tsiku loyamba anandifunsa kuti kabotoloko kamapita kuti. Ine ponyada ndinati kamapita kwa akamwini anu, ndiwo amayang'ana. Ndiye akuti m'mawa uliwonse makhololo enieniwo ankakalavula kuchimbudzi, n'kutsuka m'kamwa, n'kukulavulirani malovu oyera m'kabotolo."

Koma abale! Ndinaseka, ndipo kusekako kusanathe ndinapeza misozi ikutsika. Anatsuka m'kamwa chifukwa cha ine. Ulemu womwe uja umene unkandisangalatsa pa masitepe ndi umene unkafuna kuwapha.

Mayi a mwana anabwereranso kukawachonderera. Mawu a apongozi anamveka mpaka kukhitchini: "Iwe unabadwa dzulo, usandiphunzitse khalidwe!" Anatuluka akulira.

"Ine zandikanika. Lankhulani nawo nokha ngati mungathe."

Ndikanatha bwanji? Ndinaima pakati pa nyumba manja ali m'chiuno, mpaka diso langa linagwa pa khanda lathu, limene linali gone pa sofa likuyamwa chala. Ndinalinyamula, n'kukakhala pansi pafupi ndi chitseko cha apongozi, nsana kukhoma.

"Iwe mwana," ndinatero mokweza, "kawauze agogo ako kuti abambo ako akupepesa, koma ali ndi mawu."

Kunamveka chifuwa, kenaka mawu awo. Ankamutcha mdzukuluyo mkazi mnzawo, monga amachitira agogo akamacheza ndi adzukulu.

"Mkazi mnzanga, uwauze abambo ako kuti makutu ndili nawo."

"Uwauze agogo kuti matenda amene ndikuwaganizira ali ndi mankhwala, ndipo munthu amachira. Koma kachilomboko sikakhala m'malovu. Kamakhala pansi, m'zimene akutayazo."

"Uwauze kuti ine ndinaleredwa ndi anthu. Zonyansa za m'chifuwa mwanga sindingaziike m'manja mwa mkamwini, ngakhale atakhala dokotala wa mfumu ya ku Mangalande."

Mthenga wathuyo nthawi imeneyi anali atagwira tayi wanga n'kumutafuna, dovu likuchucha pa malaya.

"Uwauze kuti ine sindidzayang'ana. Kuntchito kuli mayi wina, ndiye adzaone. Ine ndikulonjeza."

"Mayi?"

"Mayi, wamkulu ndithu, wa ana ake."

Anatsokomola, kenaka anayankha.

"Uwauze abweretse kabotolo kawoko. Koma Loweruka ine ndikukwera ndege."

M'mawa mwake mayi a mwana anandipatsa kabotolo atakakulunga m'nyuzipepala, pamwamba pake n'kumanganso kansalu, ndipo ndinakakapereka kwa mnzanga uja ndisanamasule. Atatsegula anagwedeza mutu, amvekere, "Awa ndiye makhololo." Anapaka pa kagalasi, kuotcha, kuthira mankhwala ofiira, kutsuka, kuthira a buluu. Ine ndinaima pawindo manja ali m'thumba, kumawerenga mabasi odutsa pamsewu. Anayang'ana nthawi yaitali ndithu, sanachite zothamanga. Kenaka anadzutsa mutu.

"Mafinya ndi ambiri, dokotala. Koma tizilomboto sindikutiona."

Makhololo ena tinawadzala m'timabotolo ta chakudya chimene tizilombo timamererapo, koma TB imamera mochedwa, masabata ndi masabata, ndipo Loweruka silikanadikira zimenezo. Ine ndinkadziwa chimene chimachitika tizilombo tikakhala tochepa. Pamafunika kusankha pamene makhololo ali olimba kwambiri, kupaka timagalasi tingapo, n'kuyenda ndi diso kuchokera m'mphepete mpaka m'mphepete osatopa. Ntchito imeneyi ndi imene ndinkadziwika nayo. Zipatala zina zinkatumiza timagalasi tawo tovuta kwa ine.

Mnzangayo anakankhira mpando kumbuyo.

"Khalani apa muyang'ane. Iwo akadziwa bwanji?"

Akadziwa bwanji! Kagalasi kanali pompo, nyali ya maikulosikopu ili chiyakire, manja anga akuyabwa. Ndinati, "Iwo sadziwa, koma ndidziwa ndine." Ndinavula jasi n'kutuluka dzuwa lili pamutu.

Ndinaimba mluzu pa masitepe, ndipo ndinamva chitseko cha kuchipinda chikutsekedwa. M'nyumba munalibe wina. Mayi a mwana anali atabereka khanda kupita ku shopu kukatenga nsalu. Ndinayang'ana uku ndi uku ngati mthenga atulukira pansi pa sofa. Ndinakhala pansi pamalo anga aja, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatirire ndinalankhula nawo ndekha.

"Amayi, pepani. Lero palibe wondinyamulira mawu."

Ndinapitiriza.

"Mayi uja wayang'ana, sanapeze kanthu. Ine sindinayang'ane. Koma amayi, ndilankhule modzitama kamodzi kokha. Mu Joni muno, pa ntchito yosaka tizilombo timeneti, ondiposa ndi ochepa. Ndapezera matenda anthu amene sindidzawaona nkhope, ena oti atakumana nane pamsewu sangandipatse moni. Inu mukakwera ndege ine ndisanayang'ane, sukulu yonse ndinaphunzira ija idzakhala ya chiyani? Zikundiwawa, amayi. Zikundiwawa kwambiri."

Ndinamva bedi likulira, kenaka mapazi akukhwekhwereza pansi.

"Simunayang'anedi?"

"Sindinayang'ane."

"Kabotolo kali pamaso panu, ine kulibe, inu osayang'ana?"

"Ndinalonjeza, amayi."

Chitseko chinatseguka pang'ono. Ndinazyolika, ndipo chimene ndinaona ndi mapazi awo okha, oonda, ali m'masilipasi a mwana wawo.

"Ndikadzafa odzandinyamula ndinu," anatero. "Ndiye ndikubisirani chiyani? Pitani mukayang'ane, bambo."

Masitepe aja sindikumbuka kuti ndinatsika bwanji. Ku labotale ndinapaka timagalasi tatsopano ndekha, kusankha polimba penipeni. Koyamba ndinayenda nako konse, buluu yekhayekha. Kachiwiri chimodzimodzi, khosi layamba kuwawa, maso akutuluka misozi. Ana a sukulu amene ndinkayenera kuwaphunzitsa masana amenewo analowa n'kuima chapatali, akuopa kundiyankhula. Ndili pa kagalasi kena, cha m'mphepete, pakati pa mafinya, ndinaona kandodo kofiira, kowonda ngati tsitsi, kopindika pang'ono. Pambali pake panali kena, titatsamirana. Nditasuntha pang'ono, tinanso.

"Ndakupeza, mfiti iwe!" ndinakuwa m'Chichewa.

Mwana wina wachizungu anagwetsa mabuku. Mnzanga uja anabwera kudzayang'ana n'kuomba m'manja. Mkulu wa za m'chifuwa naye anatsika, anavula magalasi, anayang'ana, kenaka anandigwira paphewa.

"Chiyambire ntchito," anatero, "sindinaonepo munthu akusangalala ndi TB chonchi."

Loweruka ndege inapita yokha. Apongozi anayamba mankhwala, khanda nalo linapatsidwa oteteza, ndipo tonse m'nyumba tinayezedwa. Tinabwerera ku mluzu wathu ndi kwa mthenga wathu wotafuna tayi, ngati palibe chimene chinachitika pachitseko paja. Madandaulo ankadzera mwa iyeyo: kuti mapiritsi ndi aakulu ngati nyemba, kuti mankhwala a abambo ako akufiiritsa mikodzo. Miyezi ikupita chifuwa chinazilala, bulauzi ija inayambanso kuwathina, ndipo anayamba kukalipira aliyense, zimene mayi a mwana anati ndicho chizindikiro chakuti achira.

Kuchokera pamenepo ndinasintha kagwiridwe ka ntchito mu labotale yathu. Kabotolo kalikonse koti ndi makhololo tinkayamba taona ngati alidi makhololo, ndipo akakhala malovu tinkabweza kuti atumizenso, m'malo molemba kuti mulibe kanthu. Ndinatsata nkhaniyi zaka zingapo, ndinailemba, ndinakaikamba pa misonkhano ya madokotala. Ana anga a sukulu ndinkawauza kuti asanafunse chimene chili m'botolo, afunse chimene chinali m'mutu mwa munthu pamene ankalavula. Zinthu zitayamba kusintha m'dzikomo, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, anandikweza kukhala pulofesa. Pa misonkhano yonseyo sindinaululepo kuti malovu oyamba aja anali a yani.

Koma tsiku limene ndimanyadira kwambiri si la upulofesa. Apongozi atamaliza mankhwala, atatsala pang'ono kubwerera ku Dedza, anatuma mwana wawo kudzandiuza kuti akufuna akaone kanyama kamene kankawadya. Tinapita Lamulungu titaweruka ku tchalitchi, iwo ali mu duku lawo loyera, akuyenda kumbuyo kwathu chapatali. Mu labotale munalibe munthu. Tinali ndi maikulosikopu yophunzitsira, ya malo awiri oyang'anirapo, mphunzitsi mbali iyi wophunzira mbali inayo, ndipo m'kati mwake munali kamuvi kowala kolozera chimene ukufuna mnzako aone. Ndinaika kagalasi kawo kaja. Mayi a mwana anawakhazika pa mpando moyang'anizana ndi ine. Mitu yathu inatsala pang'ono kugundana, koma aliyense maso ake anali m'magalasi.

"Ndikungoona buluu," anatero.

"Tsatani kamuviko, amayi. Pamene kakulozapo."

"Kofiirako?"

"Komweko."

"Iii! Kakang'ono chonchi? Kameneka ndiye kanandimangitsa katundu?"

"Kameneka, ndi anzake ali apawa."

Anayang'anitsitsa, akupuma pang'onopang'ono, mpweya wawo ukumveka woyera wopanda kaphokoso kalikonse. Nditaganiza kuti atopa, ndinatambasula dzanja kuti ndichotse kagalasiko.

"Musachotse msanga, bambo," anatero, maso ali momwemo. "Ndikufuna ndiione bwinobwino ntchito ya mwana wanga."

Ndinasiya kagalasiko, ndinachotsanso chala pa kachitsulo koyendetsera kamuvi, chifukwa kamuviko kanali katayamba kunjenjemera ndipo iwo akanaona.